Foni Yodula Apongozi

"Musandione ngati mwana, amake Tadala. Ine ndi inu tayamba kulankhula nthawi yanji? Foni yomweyo, mudzi womwewo. Yaduka?"

"Sinaduke," anatero Benedeta.

"Ndiye imaduka ikamva mawu a amayi anga okha? Nayonso ili ndi apongozi amene imawaopa?"

Benedeta anali pakhonde akuthothola mtedza. Foni anali ataitsamiritsa pamtondo n'kuiika pa laudi, monga ankachitira nthawi zonse akamacheza ndi mwamuna wake Ignatius, amene anali ku Joni chaka chachiwiri tsopano. Foniyo inali mphatso ya Ignatius yemweyo: yatachi, yopyapyala, yachitsulo m'mbali monse. Tsiku limene inafika, amayi a m'mudzimo ankangolandirana kuti aigwireko. Lero ndi imene inkafuna kumuthetsera banja.

Nkhani yake inayamba masabata awiri m'mbuyomo. Lachiwiri lina masana, apongozi ake aNambewe anaimba kuchokera ku Nambuma. Benedeta anangomva kuti, "Amake Tadala, kuno zinthu..." basi foni n'kuduka. Anaimbanso. "Ndikuti alongo anga..." n'kudukanso. Kachitatu sanafike n'komwe pa moni. Benedeta anaimba yekha, apongoziwo anayankha, ndipo foni inachita zomwezo. Kuchokera apo aNambewe sanayankhenso ngakhale kamodzi.

Uthenga umene unkadukawo unali wa maliro. A Duncan, mlongo wawo wamkulu wa aNambewe, amene analera Ignatius bambo ake atamwalira, anali atatisiya m'mawa wa tsikulo. Anawaika m'manda Lachinayi. Pasiwa anthu ankafunsa kuti, "Nanga mkazi wa Ignatius ali kuti?" ndipo aNambewe ankayankha mawu amodzimodzi kwa aliyense: "Ndinamuimbira, anandidula katatu." Ignatius atamva zimenezo anakwiya n'kukhala chete dala, kuti aone ngati mkazi wakeyo apita yekha. Benedeta anamva za malirowo Lachisanu, anthu atabalalika kale.

"Lamulungu likubwerali ankhoswe akubwera kumeneko," anatero Ignatius. "Amayi akuti ngati zili choncho, ine ndikabwera ndisadzafikirenso kwanuko. Ndidzapite kwathu."

"Nanga inu munawayankha chiyani, bambo a Tadala?"

Kumbuyo kwa Ignatius kunkamveka magalimoto a ku Joni.

"Sindinawatsutse," anatero, n'kudula. Ulendo uno anadula ndi munthu, osati netiweki.

Kunena zoona, aliyense womva nkhaniyi akanaweruza monga anaweruzira Ignatius. Mudzi wa Benedeta uli kumunsi, m'mphepete mwa dambo, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera pa Nsaru. Netiweki kumeneko ndi ya timizere tiwiri, koma anthu amaimba ndithu, ndipo Benedeta ankatha kucheza ndi anzake a kwaya mpaka mayunitsi kutha. Kunamizira netiweki kunali kudzipha yekha. Komanso iye ankadziwa chinthu chimodzi chimene wina aliyense sankachidziwa: chala chake sichinakhudze batani lofiira lija. Zinamupweteka kwambiri kuti mayi amene ankawalemekeza kuposa aliyense ndi amene akumutcha wamwano.

Anaunjika mtedza m'dengu, n'kukung'untha chitenje. Lamulungu linali patsogolo ndi masiku atatu, ndipo anatsimikiza mtima kuti lisafike asanadziwe chimene chinachitika.

M'mawa mwake anasiya Tadala kwa mng'ono wake n'kupalasa njinga kupita pa Nsaru. Kuseri kwa msika kunali kashopu ka a Jameson, bambo wadazi amene anayamba ndi kukonza mawailesi ndi mawotchi mafoni asanabwere. Magalasi awo anali omangirira ndi kawaya mbali imodzi. Anthu ankati foni imene yakanika kwa a Jameson, ingopatsani ana aziseweretsa.

"Ikuvuta chiyani, mayi?"

"Imaduka."

"Nthawi zonse?"

"Ayi. Akaimba apongozi anga."

A Jameson anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana pamwamba pake.

"Matenda amenewo ndi ofala m'boma lonse la Lilongwe," anatero. "Koma mankhwala ake sakhala kuno."

Bambo wina amene ankadikira batire pakhomo anaseka mpaka kutsokomola. Benedeta sanaseke.

"Ine sindinabwere kudzaseketsa anthu, bambo. Lamulungu kuli ankhoswe. Iyeseni."

A Jameson anaona kuti zalimba. Anachotsa simu n'kuipukuta, anaibwezera, anaikamo simu yawo, anaimbira foni yawo ina, anayang'ana batire, anatsegula apa ndi apo. Timizere ta netiweki tinali tinayi, todzadza, pakuti nsanja ya netiweki inkaonekera pakhomo pomwepo. Anaimbira mnzawo wa ku Kabudula n'kukambirana za mpira kwa mphindi zisanu. Foni sinaphethire.

"Foni iyi ilibe vuto, mayi. Ikanakhala munthu ndikanati apite kukalima."

"Ili ndi vuto."

"Ndiye vuto lake likundiopa ine."

"Chabwino," anatero Benedeta. Anakhala pabenchi yamakasitomala n'kukonza duku lake. "Ndidikira mpaka lisiye kukuopani."

A Jameson anayesa kuti n'zocheza. Anakonza mafoni awiri, anagulitsa tchaja, anatumiza uthenga kwa mkazi wawo. Dzuwa linafika pamutu, mayi uja ali pomwepo. Anamuuza kuti mwina vuto lili ku foni ya apongoziwo. Benedeta anayankha kuti kafoni kawo kamabatani kamaimbira dziko lonse, mpaka ku Joni, osaduka. Anamuuza kuti mwina tsikulo netiweki inangovuta. Benedeta anayankha kuti tsiku lomwelo madzulo anacheza ndi mnzake theka la ola, ndiponso kuti sikanali koyamba: pa Khirisimasi foni inaduka ali pakati popereka mafuno abwino kwa apongozi omwewo.

"Mayi, ine ndimakonza mafoni, sindiombeza," anatero a Jameson.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Benedeta. "Ine sindikuthamangira kulikonse."

Cha m'ma thu koloko foni inalira. Benedeta anayang'ana dzina. Anali malume ake a Masautso, amenenso anali nkhoswe yake. Sanaganize kawiri. Anatsika pabenchi n'kugwada pasimenti, anafumbata foni kumunsi ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kuliphimba pamwamba pake mpaka kubisa pakamwa, mutu atawerama.

"Wawa, malume."

"Halo? Halo? Benedeta, ukumveka ngati uli m'chitsime. Ndikuti Lamulungu anthu aja afika ikatha Misa. Usese pabwalo."

"Ndamva, malume."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndamva!"

Atamaliza anadzuka n'kupukuta m'mawondo. Anapeza a Jameson atasiya zimene ankachita, atamuyang'anitsitsa, kasikuludiraiva kali m'mwamba.

"Mayi, foni mumayankha choncho nthawi zonse?"

"Choncho bwanji?"

"Chogwada. Manja awiri."

"Akaimba akuluakulu, eya. Nanga munthu wamkulu n'kumuyankha ndi dzanja limodzi ngati ukugula mandasi?"

"Nanga amuna anu akaimba?"

"Amenewo ndimangoika pa laudi, ine n'kumagwira ntchito."

"Anzanu?"

"Chimodzimodzi. Kapena ndimaigwira ndi zala, manja akakhala ndi sopo."

A Jameson anatuluka kuseri kwa kauntala. Anamuuza kuti agwire foni ndi nsonga za zala, chapakati, n'kuwerenga timizere ta netiweki. Tinali tinayi. Kenako anati aifumbate monga anachitira posachedwapa, koma asiye kampata koti aonere pamwamba. Anadikira. Kamzere kamodzi kanazima. Patapita kanthawi kenanso kanazima.

"Tsegulani manja."

Timizere tinabwerera, kamodzi ndi kamodzi. Benedeta anafumbatanso, tinazimanso. Anachita zimenezi katatu.

"Ndi ufiti wanji umenewu?"

"Si ufiti, ndi eriyo," anatero a Jameson, ndipo apa mawu awo anasintha, chifukwa nkhani inali italowa m'munda mwawo. "Wailesi ya bambo anu inali ndi eriyo yosolola, eti? Mafoni oyamba aja analinso ndi kamchira pamwamba. Anthu anati n'konyansa, kamakola m'thumba, ndiye opanga anakabisa. Pafoni ngati yanuyi, eriyo ndi chitsulo cham'mbalichi. Taonani apa kumunsi, mbali iyi ndi iyi. Mukuona timalire takudati?"

Benedeta anayandikitsa foni kumaso. Panalidi timizere tiwiri topyapyala todula chitsulocho. Chaka chonse anali asanationepo.

"Timeneto ndi malire, ngati a munda. Chitsulo cha uku chili ndi ntchito yake, cha uku yake. Inu mukafumbata, chikhatho chanu chimalumikiza zimene eni ake analekanitsa. Kuwonjezera apo, thupi la munthu ndi madzi okhaokha, limamwa mafunde a netiweki. Dzanja limodzi limamwako pang'ono. Inu mumabwera ndi lachiwiri kudzatseka chitseko. Kenako mumagwada, foni n'kutsika pansi kumene netiweki imafika yotopa kale. Manja akachita thukuta ndiye zimanyanya. Apongozi akaimba, m'manja mumatuluka thukuta?"

"Kwambiri."

"Basitu. Kuno nsanja ili pamphuno, ndiye mukachotsa tiwiri pamatsala tiwiri, malume anu n'kumakumvani ngati muli m'chitsime. Kwanu timakhala tingati?"

"Tiwiri."

"Chotsanipo tiwiri."

Benedeta anakhala pabenchi. Chimwemwe ndi mkwiyo zinamufikira limodzi, osadziwa choyamba n'chiti.

"Ndiye kuti ulemu wanga ndi umene wandipalamulira mlandu?"

"Amene anapanga foniyi sanafikeko kuno, mayi. Kwawoko apongozi amawayankha ataimirira, dzanja lina lili m'thumba."

Benedeta anawapempha kuti Lamulungu abwere akafotokoze okha pamaso pa ankhoswe. A Jameson anakana kwamtuwagalu. Anati nkhani za m'banja salowerera, chifukwa mawa eni ake akagwirizana woipa amatsala ndi iwe. Ndiponso, anatero, apongozi okwiya akaona munthu wa pa Nsaru akulankhula za mafunde, angoti wagulidwa ndi fanta. M'malo mwake anatulutsa kava yarabala. Anati ikavalidwa, chikhatho sichikhudza chitsulo ndipo vutolo limachepa.

Benedeta anaitembenuza kavayo, n'kuibweza pakauntala.

"Ikhale kaye. Mlandu usanathe, mboni saiveka malaya."

Loweruka lonse anathera poyesa. Anauza mng'ono wake kuti azimuimbira ali kudimba. Anagwada pakhomo, pamene anagwada tsiku la uthenga lija, n'kufumbata foni. Inaduka. Anayesa pakhonde, inaduka. Anayesa pansi pa mtengo wa mango pamene alendo adzakhale, inaduka kawiri, koma kachitatu inangokhala ikulirima osaduka. Kachitatu kameneko kanamusowetsa mtendere. Ankadziwa kuti pamaso pa ankhoswe mwayi udzakhala umodzi, ndipo ikadzakana kuduka adzaoneka wabodza kawiri. Ankadziwanso kuti akadzaigwira yekha, adzanena kuti wadina mobisa ndi chala. Anaganiza za zimenezi akusesa pabwalo, ndipo pomaliza kusesa anali atapeza chochita. Madzulo anapita kuchigayo ndi ndowa ya chimanga.

Lamulungu Misa itatha, njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika aNambewe, atavala duku lakuda, ndi a Chakufwa, mlongo wawo wamng'ono, amene anali nkhoswe ya Ignatius. A Chakufwa anali munthu wanthabwala, koma tsikuli anayesetsa kukwinya nkhope kuti afanane ndi nkhani imene anabwerera. A Masautso anawalandira pansi pa mango. Amuna anakhala pamipando, aNambewe pamphasa, Benedeta chapatali pang'ono, miyendo atapinda. Moni wa Benedeta aNambewe anayankhira kumbali.

Ankhoswe atazungulira monga mwa mwambo, anapereka mpata kwa mwini dandaulo.

"Ine sindichulutsa," anatero aNambewe. "Galu wamkota sakandira pachabe. Mwana wanga ndinamupereka kuno ndi manja awiri. Anamanga nyumba iyi. Ine sindinapemphepo ngakhale mchere. Tsiku limodzi lokha limene ndinafuna munthu, mlongo wanga ali chigonere m'nyumba, ndinaimba katatu. Katatu konse anandidula ngati ndikupempha ngongole. Pasiwa akazi a ana a anzanga anali pamoto, akutunga madzi. Wanga ine kunalibe. Ngati foni yatachi yamukweza munthu mpaka kufika pamenepa, mwana wanga abwerere kwawo."

Benedeta anamva chisoni chenicheni. Sanali mayi wabodza. Ankanena zimene anaona.

"Benedeta, wamva," anatero a Masautso. "Uli ndi mawu?"

"Ndili nawo, malume, koma ndikupempha kuti foni iyambe ndiyo kulankhula. A Chakufwa, pepani, mungapite kuseri kwa khola uko mukaimbe nambala yanga?"

A Chakufwa anayang'ana a Masautso, a Masautso anagwedeza mutu. Anapita. Benedeta anabweretsa mtondo n'kutsamiritsapo foni. Italira anaiika pa laudi.

"Halo, halo, kuno ndi ku Joni," anatero mawu a Chakufwa, omveka bwinobwino. "Kukuzizira, ndipo mbuzi za kuno zikununkha ngati za kwathu."

A Masautso anabisa kumwetulira. Benedeta anawasiya alankhule kwa kanthawi, kenako anadula n'kuwakuwira kuti aimbenso. Anatenga foni n'kuyenda chogwada mpaka pamphasa.

"Amayi, ndikupempha muyankhe ndinu. Muyankhe ngati akuimba ndi abambo mfumu a ku parishi."

"Ine sindinabwere kudzachita masanje."

"Mayi, tiyeni tione," anatero a Masautso. "Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Tikapanda kuona lero, tidzaweruza chinthu chimene sitikuchidziwa."

Foni inayamba kulira. ANambewe anaiyang'ana ngati chinthu chonyansa, koma kenako anatambasula manja. Benedeta sanawauze kagwiridwe. Panalibe chifukwa. Mayi woleredwa bwino salandira chinthu ndi dzanja limodzi, ndipo foni yoterera ngati imeneyo munthu amaopa kuigwetsa. Anaifumbata kumunsi, dzanja lina n'kuphimba pamwamba. Benedeta anawadinira poyankhira ndi chala chimodzi n'kubweza manja ake kumbuyo kuti aliyense awaone.

"Halo?" anatero aNambewe, atawerama.

"Alongo, ndikuti kuno ku Joni..."

Benedeta anatchera khutu. Mawu a Chakufwa ankamvekabe pang'ono kuchokera m'manja mwa apongozi ake. Anawerenga chamumtima. Zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Mawu aja anayamba kudukaduka.

"Halo? Chakufwa? Halo?"

Kuseri kwa khola kunatuluka mutu wa a Chakufwa.

"Alongo! Mwandidula?"

"Sindinadule ine!"

"Mwandidula ndithu! Ine mlongo wanu weniweni, wotsala yekhayo!"

"Ndati sindinakhudze kalikonse! Imbaninso!"

Anaimbanso. ANambewe anaifumbata kwambiri kuposa poyamba, kuti isawachitenso chipongwe, ndipo ulendo uno sinadikire n'komwe. Inaduka a Chakufwa ali pakati pa moni.

"Kawiri!" anakuwa a Chakufwa akubwera. "A Masautso, konzani mpando wina. Nanenso ndili ndi mlandu ndi mayi awa. Chilowereni m'banja la foni yatachi, mwano wawakwera."

A Masautso analephera kudzigwira, anaseka mpaka kugwira mpando. Benedeta anapempha kuti ayesenso komaliza. Anawaonetsa apongozi ake timalire takuda tija, n'kufotokoza mwachidule zimene anamva kwa a Jameson: kuti eriyo ili m'chitsulo cham'mbali, ndipo manja akaiphimba netiweki imafa. Kenako anawagwiritsa foni ndi nsonga za zala zitatu, chapakati, dzanja lina lili pamwendo. A Chakufwa anaimba ali pomwepo n'kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo akulankhula, mpaka kukhola, mpaka kuseri kwake. Anapatsa mayina mbuzi zonse. Foni sinaduke.

ANambewe sanaseke nawo. Anaika foni pamphasa pang'onopang'ono n'kuyang'ana zikhatho zawo.

"Tsiku lija munaigwira chonchi?"

"Eya, amayi."

"Katatu konse?"

"Kanayi, ndi kamene ndinaimba ine."

"Muli pati?"

"Apo, pakhomo."

"Chiimirire?"

"Ayi, amayi. Chogwada."

ANambewe anayang'ana pakhomopo nthawi yaitali. Panalibe chooneka, dothi losesedwa bwino basi. Amuna aja anasiya kuseka.

"Ine ndili ku Nambuma, sindikukuonani, inu n'kumagwada?"

"Ndinu amayi, kaya mukundiona kaya simukundiona."

Mayi aja anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Koma aNambewe sanali munthu wogonja ndi dzanja limodzi. Anakweza mutu.

"Chabwino. Foni inaduka yokha, ndaona ndi maso anga. Nanga miyendo? Nayonso ili ndi eriyo? Munthu wamkulu akuimbira katatu motsatizana, mawu akunjenjemera, iwe osadziwa kuti kwagwa kanthu? Ku Nambuma si ku Joni. Njinga zimapita tsiku lililonse."

A Masautso anatsegula pakamwa kuti amuteteze mwana wa mlongo wawo, koma Benedeta anayamba ndiye.

"Pamenepo ndilibe mboni, amayi. Ndinalakwa. Mutasiya kuyankha ndinadziwa kuti mwakwiya, ndipo ndinachita mantha kukuonekerani. Ndinati ndidikire mtima wanu utsike, ndimalize kukumba mtedza, ndipite Loweruka. Zengerezu analinda kwawukwawu. Za foni ndakana chifukwa sindinachite. Izi ndikuvomera chifukwa ndinachita."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atasenza ndowa ya ufa yomanga pakamwa ndi nsalu, n'kuitula pafupi ndi mphasa. Anabwereranso kukatenga kachikwama ka zovala zake ndi za Tadala.

"Mlandu muweruze mmene mungaweruzire," anatero atagwadanso. "Koma ine lero ndikupita ku Nambuma kukapepesa maliro a malume. Mukandilandira, ndikagona m'nyumba. Mukapanda kundilandira, ndikagona pakhonde. Njinga ikakana, ndiyenda pansi."

Nkhuku ina inayandikira ndowa ija, a Chakufwa n'kuiingitsa ndi phazi. ANambewe anayang'ana ufa, anayang'ana kachikwama, kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Njinga ija imanyamula anthu angati?"

"Kupatula woyendetsa, awiri. Atatu ngati wina avomera kupanikizika."

"Inu mutsale, mubwera mawa. Malo anu akhalapo amake Tadala ndi mwana."

"Nanga mlandu, mayi?" anafunsa a Masautso. "Uja wa ku Joni timuuze chiyani?"

"Mwana wanga ndimuuza ndekha, pakafoni kanga. Ndinamanga ndine, ndimasula ndine." Anagwira pansi n'kudzuka movutikira, ndipo Benedeta anawagwira mkono. Sanaukane. "Tiyeni, dzuwa lisanapendeke. Manda a malume anu simunawaone. Ndipo kumudzi kuja onse analira kale n'kumaliza, ine ndatsala ndilibe wolira naye."

Benedeta, ali chigwirire mkono wawo, anayamba ndiye kulira, mokweza monga amalirira munthu wofika pasiwa, ndipo aNambewe anamulandira. A Chakufwa anavula chipewa. Woyendetsa njinga, amene anali ataliza kale injini, anaizimitsa n'kudikira.